Mukufuna kukafunafuna Bigfoot koyamba? Nayi nkhani yosankha nkhalango

Munthu akangoyamba kukopeka ndi nkhani ya Bigfoot, chinyama chaubweya chija choyenda ndi miyendo iwiri chomwe amati chimakhala m'nkhalango za ku North America, nthawi zambiri amathamangira pa mapu. Amapita ku nkhokwe ya malipoti ya bungwe la ofufuza za Bigfoot lotchedwa BFRO, lomwe Matt Moneymaker adalikhazikitsa mu 1995, n'kuyang'ana pomwe timadontho tachuluka. Akaona pomwe pada bii, basi, mtima wakhazikika, Loweruka ali pamsewu. Inenso ndidayamba choncho nditangosamukira kuno ku chigawo cha Washington. Lero ndikafunsidwa ndi anzanga kuti ayambire kuti, ndimawayankha zosiyana ndi zomwe ndidachita ine.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Palibe amene adabweretsapo mtembo, fupa kapena dzino la chinyamachi. A FBI adayeza ubweya womwe Peter Byrne, wofufuza za Bigfoot, adawatumizira mu 1976, ndipo udapezeka kuti ndi wa nyama ya mtundu wa gwape. Mu 2014 Bryan Sykes wa ku yunivesite ya Oxford adatulutsa zotsatira za DNA ya ubweya 30 wochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo wonse udali wa nyama zodziwika kale: zimbalangondo, akavalo, ng'ombe, nungu, ngakhale tsitsi la munthu. Ndikunena izi poyambirira chifukwa zimasintha funso lonse. Palibe nkhalango yomwe wina angakulonjezeni kuti mukachiona. Chomwe mukusankha ndi malo oti maso ndi makutu anu akaphunzire, ndi oti mukabwereko wamoyo.

Kutsata pomwe malipoti achuluka

Njira imeneyi ndi yotchipa ndipo siifuna kudziwa zambiri. Washington ndiye akutsogola pa malipoti, kenaka California, ndipo Florida, Ohio ndi Oregon ali pafupi. Ubwino wake ndi woti malipotiwo amatchula msewu, mtsinje, mwezi ndi nthawi, kotero simuyamba mumdima.

Koma taganizani mmene kadontho kamabadwira. Pafunika munthu woona, ndipo munthuyo akhale wodziwa koti akanene. Choncho madontho amandanda m'mbali mwa misewu, pamalo omangapo matenti ndi kumalire a matauni. Nkhalango yomwe sikufika munthu imaoneka yoyera pa mapu, osati chifukwa mulibe kanthu ayi, koma chifukwa kulibe wolemba. Kuwonjezera apo pali chimbalangondo chakuda. Mu 2009 akatswiri atatu, Lozier, Aniello ndi Hickerson, adatenga malo a malipoti n'kuwerengera dera lomwe chinyamachi chikadakhalako, ndipo deralo lidafanana kwambiri ndi la chimbalangondo chakuda. Mu 2024 Floe Foxon adapeza kuti zimbalangondo zikachuluka ndi 1,000 m'dera, malipoti amakwera ndi pafupifupi 4 pa 100 aliwonse.

Wina angati, kodi munthu wamkulu angasokoneze chimbalangondo ndi chinthu choyenda chilili? Angathe. Chimbalangondo chimaimirira chikafuna kununkhiza mphepo. Ku New Jersey kudali china chomwe anthu adachitcha Pedals, chomwe kuyambira 2014 chinkajambulidwa chikuyenda ndi miyendo yakumbuyo yokha chifukwa yakutsogolo idali yovulala. Ku Pennsylvania mu 2007 kamera ya mlenje idajambula chinyama chowonda, cha miyendo italiitali, ndipo akuluakulu oona za nyama m'chigawocho adati chidali chimbalangondo chodwala mphere.

Sindikuti malipoti muwataye. Awerengeni ngati mmene woweruza amamverera mboni. A BFRO amawagawa m'magulu: gulu A ndi la oti adaona bwinobwino, gulu B ndi la oti adangomva phokoso kapena adaona patali, kusakuoneka bwino. Ine ndimasiya pambali onse a kamphindi kamodzi pa galimoto usiku, n'kufuna malo omwe anthu osadziwana, m'zaka zosiyana, akutchula mtsinje umodzi. Za m'mbali mwa msewu zimavutanso chifukwa cha onyenga. Mu 2012 mwamuna wina adagundidwa ndi magalimoto n'kufa pamsewu wa 93 pafupi ndi Kalispell ku Montana, atavala chovala chamasambamasamba pofuna kuti odutsa aganize kuti aona Bigfoot.

Kupita komwe mbiri idabadwira

Apa ndi pomwe mtima wa woyamba aliyense umakokera, ndipo ndi pomwe ndikhalitsepo.

Bluff Creek, kumpoto kwa California, m'nkhalango ya Six Rivers, ndi pomwe dzina la Bigfoot lidachokera. Mu 1958 Jerry Crew, yemwe ankayendetsa chigalimoto cholambula msewu wa odula mitengo, adapeza mapazi aatali pafupifupi masentimita 40 kuzungulira makina ake. Nyuzipepala ya Humboldt Times idasindikiza chithunzi chake atanyamula phazi loumbidwa ndi pulasitala, dzina n'kufala dziko lonse. Pamtsinje womwewo, pa 20 October 1967, Roger Patterson ndi Bob Gimlin adajambula kanema wa pafupifupi mphindi imodzi woonetsa chinthu chakuda chikuyenda pamchenga n'kucheuka. Mpaka lero anthu akukanganabe za kanemayo. Ray Wallace, mwini kampani yomwe Crew ankagwirako ntchito, atamwalira mu 2002, abale ake adatulutsa mapazi osema amatabwa n'kunena kuti ndi amene ankadinda nawo. Mu 2004 Bob Heironimus adanena poyera kuti ndi iye adavala chikopa mu kanema uja, koma Gimlin wakhala akukana kuti padali chinyengo.

Woyamba akafika kumeneko amadabwa ndi chinthu chimodzi: mchenga wa mu kanema uja kulibenso. Malowo adali poyera chifukwa madzi osefukira a mu December 1964 adali atasesa chigwa chonse, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mitengo idameranso n'kutseka. Kuti mukafike pamafunika maola angapo pamisewu yafumbi yokwera mapiri kuchokera ku tauni ya Orleans, foni siigwira, ndipo nyengo ya mvula misewu ina amaitseka, china chifukwa cha chipale, china pofuna kuti matayala asafalitse matenda a mizu ya mitengo ya mkungudza wa kumeneko. Ngati chomwe mukufuna ndi kumva mbiri, imani ku Willow Creek, komwe kuli nyumba yosungiramo mapazi oumbidwa ndi zithunzi. Mudzaphunzira zambiri masana amodzi. Koma Bluff Creek weniweniyo musamuyese ulendo woyamba, ndipo musapite ndi galimoto imodzi.

Malo achiwiri a mbiri ali kuno kwathu ku Washington, pa phiri la St. Helens. Mu July 1924 anthu okumba golide, mmodzi mwa iwo Fred Beck, adatsika phiri n'kufotokoza kuti zinyama zonga anyani akuluakulu zidagenda kanyumba kawo ndi miyala usiku wonse. Chigwacho chidatchedwa Ape Canyon. Pambuyo pake ena adati adali anyamata omwe ankagubuduza miyala kuchokera pamwamba. Phirilo lidaphulika pa 18 May 1980, dera lozungulira n'kusinthiratu maonekedwe. Njira yokwera kumeneko ndi yolambulidwa bwino ndipo simusowa anthu, makamaka apanjinga. Alendo ambiri amasokoneza malowa ndi Ape Cave, phanga lalitali pafupifupi makilomita 4 lomwe chiphalaphala chamoto chidasiya. Phangalo lidatengera dzina ku gulu la achinyamata oyenda m'mapiri omwe ankalifufuza.

Malo a pa St. Helens onsewa ali m'boma la Skamania, lomwe mu 1969 lidakhazikitsa lamulo loletsa kupha Bigfoot, n'kulikonzanso mu 1984. Ena amaseka akamva zimenezi, koma lamuloli lili ndi nzeru. Nthawi imeneyo anthu ankakhamukira m'nkhalango ndi mfuti, okonzeka kuombera chilichonse chachikulu choyenda ndi miyendo iwiri, pamene chinthu chotero chomwe chimapezeka m'nkhalango tsiku ndi tsiku ndi munthu mnzawo.

Malo achitatu ndimawalemekeza mwapadera. Ku Harrison Hot Springs, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, ndi kwawo kwa anthu a Sts'ailes. Mawu oti Sasquatch, dzina lina la Bigfoot, adachokera ku liwu la chilankhulo chawo cha Halkomelem, ndipo adawafalitsa ndi mphunzitsi wina, J. W. Burns, yemwe adalemba nkhani zawo m'magazini ya Maclean's mu 1929. Kwa eni dera, chimenechi si nyani wosochera woti muzimuthamangitsa ndi kamera. Ndi mlonda wa nthaka, woyenda pakati pa dziko looneka ndi losaoneka. Amene adakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, namva malangizo a akuluakulu onena za Sapitwa ndi mizimu ya paphiri, sangavutike kumvetsa zimenezi. Kumeneko pitani ngati mlendo wodzamvetsera. Safunsa adadya phula.

Vuto la malo onse otchukawa ndi limodzi: simuli nokha. Ofunafuna ambiri amakhulupirira kuti chetechete sautsa nyama, ndiye usiku amamenya mitengo ndi zibonga ndi kukuwa mokweza, kuyembekezera kuyankhidwa. Usiku wina m'nkhalango ya Gifford Pinchot kuno ku Washington tidamenya katatu, ndipo patangopita kanthawi tidayankhidwa katatu kuchokera kutsidya kwa chigwa. Palibe adagona. M'mawa tikutsika tidakumana ndi banja lina lomwe lidatifotokozera mosangalala kuti usiku lidamva kugogoda katatu, ilo n'kuyankha. Zidandiwawa, chifukwa tikadapanda kukumana, malipoti awiri akadalembedwa ndi anthu oona mtima, onse awiri olakwika.

Kuganiza ngati nyama

Ena amasiya malipoti ndi mbiri n'kufunsa kuti: chinyama chachikulu chotere, chitakhalapodi, chingafune chiyani? Madzi osaphwa, chakudya chaka chonse, pobisala, ndi kutalikirana ndi anthu. Funso limeneli limawafikitsa ku Olympic Peninsula kuno ku Washington ndi kugombe la British Columbia. M'nkhalango ya Hoh ku Olympic Peninsula mumagwa mvula yokwana pafupifupi mamita 3.5 pachaka, pamene Lilongwe salandira ngakhale mita imodzi. Mitengo yake yakutidwa ndi ndere kuyambira pansi mpaka kunthambi. Muli nyama zikuluzikulu za nyanga zotchedwa elk, muli zipatso zam'tchire, ndipo nsomba za salmon zimakwera mitsinje kukaikira mazira monga mmene mpasa imakwerera mtsinje wa Bua.

Mwa njira zonse, iyi ndi imene imandikhutiritsa m'mutu, chifukwa imakukakamizani kuphunzira nkhalango yeniyeni. Koma ndi imenenso ili yoopsa kwa woyamba, poti mapeto a kaganizidwe kake ndi oti pitani kutali kwambiri, komwe sikufika munthu. Kuno chomwe chimapha si chimbalangondo kapena mkango wa m'mapiri uja amati cougar. Chimapha ndi kuzizira kwa munthu wonyowa. Taganizani chiperoni cha ku Thyolo chitagwa sabata yathunthu osakata, kuzizira kutatsala pang'ono kuumitsa madzi, dzuwa n'kumalowa isanakwane 5 koloko. Mu December 2024 amuna awiri a ku Portland, wina wa zaka 59 wina 37, adalowa m'nkhalango ya Gifford Pinchot tsiku loti mawa ndi Khirisimasi kukafunafuna Sasquatch. Opulumutsa anthu adawasaka masiku atatu n'kuwapeza atamwalira, ndipo apolisi a ku Skamania adati chidawapha ndi kuzizira komanso kusakonzekera nyengo. Nkhalango yake ndi yomweyo yomwe ine ndimapitako. Nkhani imeneyi siichoka mumtima mwanga.

Ngati Hoh wakukokani, yendani m'njira zolambulidwa za pafupi ndi ofesi ya alonda, pakati pa July ndi September. Zolowa mkati mwenimweni zidikire zaka zingapo.

Kummawa ndi kummwera

Si onse ali kufupi ndi nyanja ya Pacific. Abale athu ambiri ali ku Indiana, ndipo kwa iwo Salt Fork State Park, paki yaikulu kuposa zonse za chigawo cha Ohio, pafupi ndi tauni ya Cambridge, ndi ulendo wa tsiku limodzi. Kumeneko chinyamachi ena amachitcha Grassman, ndipo okonda nkhaniyi amachitirako misonkhano yawo. Pali misewu ya tala, malo ogona, ndipo mukasochera simuyenda nthawi yaitali musanapeze msewu. Zimbalangondo ku Ohio n'zochepa, zomwe zimachotsa chisokonezo chimodzi, ngakhale anthu ndi ochuluka zedi. Chenjerani ndi nkhupakupa, zimafalitsa matenda a Lyme. Kwa banja la ana, ine ndingasankhe kuno.

Ku Florida amati Skunk Ape chifukwa cha fungo loipa lomwe mboni zimatchula, ndipo nkhani zambiri zimachokera m'madambo a Big Cypress, kufupi ndi Ochopee. Ndi dziko la madzi, ng'ona, njoka ndi udzudzu, loyendeka bwino nyengo yopanda mvula yokha, kuyambira November mpaka April. Ku Fouke ku Arkansas, komwe nkhani idabuka mu 1971, malo ambiri ndi a eni ake, ndipo kudumpha mpanda wa munthu usiku m'dera lomwe makomo ambiri ali ndi mfuti si nzeru. Ife akhungu lakuda tiyenera kuganizira zimenezi kawiri.

Pagulu kapena panokha

Mabungwe ena, kuphatikizapo BFRO, amakonza maulendo olipira a masiku angapo. Ngati simunagonepo m'tenti, ndalamayo siipita pachabe: mudzaona mmene anzanu amaumbira phazi ndi pulasitala, mmene amagwiritsira ntchito makina oona kutentha kwa thupi mumdima, ndipo simudzasochera. Kuipa kwake n'koti anthu makumi awiri ofunitsitsa kumva kanthu amamvadi kanthu. Mmodzi akati "mwamva?", onse amva. Kadzidzi wamizeremizere wa kuno amalira ngati anyani akukangana, nkhandwe zotchedwa coyote zimakuwa ngati anthu, ndipo elk wamphongo mu September amaliza mluzu wosatheka kuufotokoza. Pagulu lotentheka zonsezi zimasanduka Bigfoot. Ndikadakhala inu, ndalama yomweyo ndikadalipira maphunziro a kalondoledwe ka mapazi a nyama, omwe amaphunzitsidwa m'madera ambiri kuno. Panokha ndiye ayi. Anthu awiri kapena atatu, mmodzi mwa iwo wokayikira, ndiwo abwino.

Nkhalango yoyandikana nanu

Iyi ndi njira yomwe ndimalangiza, ngakhale ilibe ulemerero. Sankhani malo osapitirira maola awiri kuchokera pakhomo panu, oti mukhoza kupitako kawiri pamwezi osapempha tchuthi kuntchito. Chifukwa chake n'chakuti simungazindikire chachilendo pamalo pomwe chilichonse n'chachilendo kwa inu. Mlendo ku Bluff Creek amadzidzimuka ndi nthambi iliyonse yothyoka. Amene wayenda mtsinje umodzi maulendo makumi awiri amadziwa kuti mtengo uwu udagwa ndi mphepo ya mwezi watha, kuti mitengo iwiri iyo imakhulana n'kulira kukachita mphepo, kuti chitsa chakuda chija chakhala chili pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu sadekha pamalo pomwe wawonongera malipiro a mwezi wonse kuti akhalepo masiku atatu.

Posankha, funsani kaye kuti malowo ndi a yani. M'nkhalango za boma zotchedwa National Forest nthawi zambiri amalola kumanga tenti kunja kwa malo okonzedwa, kawirikawiri mpaka masiku 14, ndipo muli misewu yakale ya odula mitengo yomwe imathandiza kuti musasochere. Mapaki a National Park ali ndi malamulo okhwima: kugona m'tchire kumafuna chilolezo, tindege tojambula tija ta drone adatiletsa kuyambira 2014, ndipo kumangirira kamera pamtengo n'kuisiya sikuchitika popanda kupempha. Malo a mitundu ya eni dziko, monga a Hoopa, Yurok, Quinault ndi Yakama, ali ndi maboma awoawo, ndipo simulowa osaloledwa. Kuyambira September mpaka kumapeto kwa chaka ndi nyengo ya alenje m'madera ambiri, choncho valani chovala chowala cha olenji, ndipo zobisala m'tchire mutavala zakuda musayerekeze.

Kenaka yang'anani nthaka. Nkhalango yokongola ya masamba owunjikana pansi siisunga phazi. Mufunika matope a m'mbali mwa mtsinje, mchenga wonyowa, kapena msewu wafumbi womwe udatsekedwa kwa magalimoto. Ofufuza omwe adaika mbiri yawo ya ukatswiri pachiswe chifukwa cha nkhaniyi, monga Grover Krantz wa ku Washington State University ndi Jeff Meldrum wa ku Idaho State University, adadalira kwambiri mapazi, chifukwa phazi ndi chinthu choti munthu wina akhoza kudzachiyeza pambuyo panu. Mawu oti "ndidaona chinthu chakuda" palibe angawayeze.

Malo anga ndi kamtsinje kena kummwera kwa mapiri a Cascade, ola limodzi ndi theka kuchokera kunyumba, komwe msewu wakale umathera pachithaphwi. Ndisananyamuke ndimasiya pepala kwa mayi a kunyumba lolembapo msewu, pomwe ndiimike galimoto ndi nthawi yoti aimbe foni kwa apolisi ndikapanda kufika. M'chikwama mumakhala mapu apepala, jekete la mvula, chothira m'maso mwa chimbalangondo, tepi yoyezera ndi kabuku.

Chaka chatha mu May ndidapeza pamatope phazi la masentimita oposa 30, lokhala ndi zala zisanu ndi chidendene, lofanana ndi la munthu wopanda nsapato. Mtima udagunda kwambiri. Ndidaika tepi pambali, n'kujambula kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, kenaka ndidalondola kutsogolo monga adandiphunzitsira. Phazi lachitatu lidaulula zonse: chimbalangondo chikamayenda chimaponda ndi mwendo wakumbuyo pafupi kapena pamwamba pa pomwe padaponda wakutsogolo, ndipo mapazi awiriwo akalumikizana amaoneka ngati limodzi lalitali. Pamenepo adali atasiyana pang'ono, ndipo timabowo ta zikhadabo tinkaoneka kutsogolo kwa zala. Ndidalemba m'kabuku tsiku, kutalika kwa phazi ndi komwe chidalowera. Chimbalangondo chimenecho ndachionapo kawiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo chili ndi banga loyera pachifuwa. Chipale chikasungunuka ndibwererakonso, matope a pachithaphwi asanaume.